Kiyi Wachinsinsi Kumbuyo kwa Maminitsi a Bodi

Kiyi wachinsinsi amene labotale yathu inkasainira mafayilo anajambulidwa pa fotokope n'kutumizidwa kwa anthu asanu ndi awiri, atapanidwa kumbuyo kwa maminitsi a msonkhano wa bodi yoyang'anira kampani. Amene anachita zimenezi anali kalaliki wosunga makalata, ndipo mpaka lero savomera kuti analakwa. Amene anachotsedwa ntchito ndine.

Poyamba ndinali mtolankhani. Pa nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa, nyuzipepala yathu nayo inachepetsa antchito, ndipo dzina langa linali pamndandanda. Ndinakaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta pasukulu ina ya m'chipinda chapamwamba kuseri kwa msewu wa Cairo Road mu Lusaka, ndinayendayenda m'maofesi zaka zingapo, kenako ndinapeza malo ku Woodlands. Inali nyumba yogonamo imene anaisandutsa labotale. Mabotolo anali kukhitchini, ine ndi makompyuta awiri tinali m'chipinda cha ana, ndipo galaja inali ofesi ya makalata. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi kuchokera ku Kabwata.

Labotale inkayeza madzi a m'mijigo, ufa wa m'zigayo ndi chakudya cha nkhuku. Zotsatira tinkatumiza pa imelo. Vuto linabuka pamene wokumba mijigo wina wa ku Chelstone anasintha nambala imodzi pa fayilo yathu, madzi oipa n'kuoneka abwino. Mkulu wa labotale, amene tonse tinkamuitana kuti ba Dairekita, anandiuza kuti ndipange njira yoti fayilo yathu isasinthidwenso popanda kudziwika. Ndinalemba pulogalamu yosaina mafayilo.

Ndifotokoze mwachidule mmene zimayendera. Makiyi amakhala awiri ndipo amapangidwa limodzi. Si achitsulo ayi. Aliyense ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala. Wachinsinsi ndi amene amasaina. Wapoyera ndi amene amatsimikizira kuti siginecha ndi yeniyeni, ndipo ameneyu umapatsa aliyense womufuna. Pulogalamu yanga inkawerenga fayilo yonse, n'kutulutsa nambala imodzi yoimira fayiloyo, n'kusaina nambalayo ndi kiyi wachinsinsi. Munthu akasintha ngakhale kadontho, nambala ija inkasintha, ndipo pakompyuta ya kasitomala pankatuluka mzere wofiira m'malo mwa wobiriwira. Koma pulogalamu sidziwa nkhope ya munthu. Aliyense amene ali ndi kiyi wachinsinsi, kwa iyo ameneyo ndiye labotale. N'chifukwa chake kalata yanga ya ntchito inawonjezeredwa ndime imodzi: wosunga kiyi ndine, ndipo fayilo iliyonse yosainidwa ndi kiyiyo woyankha ndine.

Kompyuta imafa, ndipo ikafa ndi kiyi mkati palibe chomubweza. Choncho ndinasindikiza kiyi wachinsinsi pa pepala limodzi kuti likasungidwe mu sefu, bokosi lachitsulo la mu ofesi ya ba Dairekita. Kiyiyo anali wotsekedwa ndi mawu achinsinsi, moti pepala lokha silikanathandiza wakuba. Koma ine ndinatenga cholembera n'kulemba mawu achinsinsiwo m'munsi mwa pepala lomwelo, poganiza kuti ndikadzafa kapena kudwala anthu asadzavutike. Kulakwa kwanga n'kumeneku, ndipo sindinakubisepo. Ndinamata envulopu, ndinasaina pomatirapo, ndinalemba kuti isatsegulidwe, n'kuipereka m'manja mwa ba Dairekita. Iwo anali pa foni. Anaiponya m'thireyi ya makalata. Zonse za m'thireyi imeneyo zinkapita ku galaja.

Kalaliki wa ku galajayo anali bambo wachikulire wochokera ku Copperbelt, kumene anagwira ntchito moyo wake wonse mu ofesi ya makalata ya pa mgodi. Ankavala tayi tsiku lililonse, ngakhale m'mwezi wa Okutobala galaja itasanduka uvuni. Malamulo ake anali atatu. Pepala lililonse lolowa m'nyumbamo alitsegule, alidinde ndi kulipatsa nambala. Pepala lililonse likhale ndi kope mu fayilo. Pepala lililonse lotchulidwa m'maminitsi lipanidwe kumbuyo kwa maminitsiwo. Anandida kuyambira sabata yoyamba, chifukwa zotsatira zotumizidwa pa imelo zinkatuluka m'nyumbamo osadutsa pa tebulo lake. Inenso sindinkamukonda. Ankasindikiza maimelo anga n'kuwadinda.

Iye anali Mbemba, ine makolo anga ndi a ku Chipata. Ku Lusaka Abemba ndi ife a kum'mawa timanyozana mwa chimbuya, chibale cha nthabwala chimene sichilola munthu kukwiya: iwo amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani. Kalalikiyu anapezerapo njira yondituka pamaso pa anthu popanda mlandu.

"Shani ba Chipata," ankandilonjera motero ndikalowa pageti. "Mwadya mbeba zingati lelo? Paja mutu sugwila nchito ngati mulibe mbeba."

Anthu ankaseka, iye osaseka. Ndikadandaula, ba Dairekita, amenenso ndi a kum'mawa, ankangoti ndi chimbuya, ndimubwezere.

Panapita masabata atatu ndisakudziwa kanthu. Ndinadziwa Lachiwiri lina m'mawa, pamene mayi wina wa mu bodi, amene kale ankagulitsa mankhwala ndipo ankakhala ku Kabulonga, anaima pakhomo la chipinda changa ndi maminitsi m'manja.

"Mwana wanga, makina anu osindikizira adwala kapena? Tsamba lomalizali ndayesa kuwerenga, ndi zilembo zokhazokha zopanda mutu. Ndangomva mawu a cholemberawa."

Linali pepala langa. Pakona panali chidindo cha galaja, tsiku, ndi nambala ya tsamba. M'munsi munali mawu achinsinsi, m'kalembedwe ka dzanja langa, ooneka bwino kuposa china chilichonse patsambalo.

Ndinapita ku galaja nditanyamula maminitsiwo.

"Ba kalaliki, envulopu yanga munatsegula?"

"Nimatsegula vonse. Ndiye nchito yanga."

"Pamwamba panalembedwa kuti isatsegulidwe."

"Aliyense amalemba so. Nikanamvela aliyense, sembe iyi ofesi inafa kudala."

"Munapanga makope angati?"

Anatsegula buku lake lalikulu mosapupuluma, n'kuyendetsa chala pamzere. "Seveni ya ba bodi. Imozi ya mu fayilo. Imozi ya ba Dairekita. Naini. Pepala yanu yeniyeni ili mu sefu monga munafunila. Manje vuto ili pati, ba Chipata?"

Sananame. Pepala loyamba analiikadi mu sefu, atalidinda. Bodi pa msonkhano wake inali itauzidwa kuti kiyi wasungidwa, mawu amenewa analowa m'maminitsi, ndipo kwa iye chinthu chotchulidwa m'maminitsi chimapanidwa kumbuyo. Ndinamufunsa ngati anajambulira pa makina athu. Anati makina athu anali atawonongeka sabata imeneyo, choncho anapita kushopu ya fotokope m'tauni, kufupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity.

"Yabili yanatuluka yosaoneka bwino," anatero. "Ninayasiya kwamene kuja. Ine sinisunga vinyalala."

Ndinakwera minibasi nthawi yomweyo. Shopuyo inali kachipinda kamodzi, makina amodzi a fotokope ndi makompyuta atatu amene anthu ankalembapo makalata ofunsira ntchito. Pansi pa makina panali katoni ya mapepala owonongeka. Ndinagwada n'kufufuza pepala lililonse. Langa munalibe. Mayi wa m'shopumo anandiyang'ana ngati wakuba.

"Imwe ba mami, mufuna chani mu katoni yanga?"

"Mapepala a masabata atatu apitawo amapita kuti?"

"Aliyense amatenga. Ba ma ajenti ba mabasi, ba kusukulu, ba vitumbuwa. Nizayamba kulemba maina ya otenga vinyalala?"

Masana ndinali mu ofesi ya ba Dairekita. Ndinawauza kuti kiyi ameneyu aphedwe tsiku lomwelo, tipange awiri atsopano, tidziwitse makasitomala onse, ndipo mafayilo onse akale tiwasainenso kuchokera m'mabuku a labotale. Akale onse, chifukwa tsiku limene limaoneka pa siginecha ndi tsiku limene kompyuta ya wosainayo ikunena. Wakuba angabweze wotchi ya kompyuta yake n'kupanga fayilo yooneka ngati ya miyezi iwiri yapitayo.

"Ndionetseni fayilo imodzi yabodza," anatero.

"Simungaione. Yabodza idzatuluka yobiriwira ngati yathu."

"Ndiye mukufuna ndilembere anthu amene tangowauza kuti siginecha yathu siibedwa, ndiwauze kuti yakhala ikukulunga vitumbuwa ku Intercity?"

"Inde."

"Ayi. Mapepalawo tiwatolera n'kuwatentha. Nkhani ithere m'nyumba muno."

Anatuma dalaivala. Pofika Lachitatu madzulo makope asanu ndi limodzi a bodi anali atabwera. Lachisanu ndi chiwiri linali ku Chipata, m'chikwama cha bambo amene anapita ku maliro. Kope la mu fayilo kalaliki anakana nalo. Anati masamba a fayilo ali ndi manambala otsatizana, ndipo pa zaka zonse za ntchito yake sanasiyepo mpata pakati pa nambala ndi inzake. Ba Dairekita anamusiya. Anatentha mapepala asanu ndi awiri kuseri kwa khitchini, kuphatikizapo kope lawo, ogwira ntchito ataimirira ngati pa mwambo. Kalaliki analemba m'buku lake kuti mapepala atenthedwa, n'kudindapo.

Ndinkadziwa chimene onse ankaganiza: palibe munthu angakhale pansi n'kukopera zilembo zopanda mutu zodzaza tsamba. Ku nyuzipepala anatiphunzitsa kuti usamatsutsane ndi munthu pa chinthu chimene ungathe kuyesa. Kope la mayi wa ku Kabulonga lisanatenthedwe ndinali nditalibwereka, ndipo pa nthawi yopuma masana ndinakopera kiyiyo pa laputopu yanga ya kunyumba, imene inali isanagwirepo ntchito ya labotale. Zinanditengera mphindi zosakwana ola limodzi. Ndinalakwitsa kawiri posokoneza ziro ndi chilembo cha O, n'kukonza. Kenako ndinapanga fayilo yonena kuti madzi a m'ngalande ya pamsika wa Kabwata ndi abwino kumwa, ndinaisaina, n'kukaitsegula pakompyuta ya ba Dairekita Lachinayi m'mawa. Mzere unatuluka wobiriwira.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti ndapambana.

"Ndiye kuti fayilo yabodza yoyamba m'mbiri ya labotale ino mwapanga ndinu," anatero.

"Ndakuonetsani kuti n'zotheka."

"Mwandionetsa kuti munthu woopsa m'nyumba muno si mkulu wa ku galaja uja."

Kalaliki anali pakhomo ndi thireyi yake. "Ninakamba ine," anatero. "Ba nyuzipepala ngati kulibe nkhani bamapanga yao."

Ndinabwerera m'chipinda changa n'kulemba kalata ya ndime zitatu yopempha chilolezo chopha kiyi. Inadutsa ku galaja, inadindidwa, n'kubwerera kwa ine ili ndi mawu awiri a ba Dairekita m'mbali: osachita chilichonse. Ndinatenganso kalata yanga ya ntchito n'kuwerenga ndime ija. Sinasinthe. Ngati mawa wina asaina fayilo yonena kuti mjigo wa pasukulu ina uli bwino pamene suli bwino, ana n'kutsegula m'mimba, wofunsidwa sadzakhala kalaliki kapena wogulitsa vitumbuwa. Ndipo sindikanakhala ndi njira yosonyezera kuti si ine, chifukwa pulogalamu ndinailemba ndekha kuti isasiye mpata wokanira.

Lachisanu ndinafika seveni koloko. Ndinachotsa waya wa intaneti pakompyuta n'kupanga makiyi awiri atsopano. Ndinalemba chidziwitso cha mizere isanu ndi umodzi: kiyi wakale waonedwa ndi anthu osayenera, asakhulupiriridwenso, watsopano ndi uyu, mafayilo akale tiwatumizanso. Sindinatchule galaja kapena munthu aliyense. Chidziwitsocho ndinachisaina ndi kiyi wakale, ntchito yake yomaliza, n'kuchitumiza kwa makasitomala onse pamodzi ndi kiyi wapoyera watsopano. Koma imelo yosainidwa ndi kiyi wotayika payokha si umboni, chifukwa wakuba naye akanatha kutumiza yotero. Choncho ndinayamba kuimba foni. Kiyi wapoyera aliyense amakhala ndi nambala yaifupi yomuzindikirira, ndipo ndinkawerengera kasitomala aliyense nambalayo, zilembo zinayi zinayi, iye akuyang'ana pakompyuta yake. Ena ankathokoza. Ambiri ankatukwana. Mwini chigayo wina anali atapereka fayilo yathu dzulo lake kwa ogula ufa wake, ndipo tsopano inkatuluka yofiira chifukwa inasainidwa ndi kiyi wakale.

"Imwe, mwanichititsa manyazi," anatero. "Nipaseni ba bosi banu."

Ndinamupatsa nambala ya ba Dairekita. Pasanathe mphindi khumi anali pakhomo panga, jekete ikadali paphewa.

"Bwezani."

"Sizibwezeka."

"Ndakulemberani kuti osachita chilichonse."

"Ndinawerenga."

"Muli ndi ana angati?"

"Awiri."

"Munawaganizira?"

Ndinali nditawaganizira m'minibasi monse, kuyambira pa Kabwata mpaka pa Woodlands, ndipo yankho silinasinthe.

Kalata yondiimitsa ntchito inabwera isanakwane leveni koloko. Anabweretsa ndi kalaliki mwiniwake, ali ndi buku loti ndisainemo kuti ndalandira. Anaima pafupi kwambiri, moti ndinamva fungo la inki ya chidindo.

"Sainani apa, ba Chipata. Mwaona? Pepala siinama. Vamanambala vanu vamichosesani nchito, ine nikali pano."

"Ba kalaliki, tsamba lija likadali mu fayilo?"

"Pa malo yake."

"Lisungeni. Tsopano silitsegula kanthu."

Sanamve chimene ndinkatanthauza, ndipo sindinafotokoze.

Kalatayo inkandilamulanso kupereka kiyi watsopano ndisanatuluke pageti. Ndinatenga maenvulopu awiri. Mu yoyamba ndinaika fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, yokhala ndi kiyi wotsekedwa, ndipo ndinaimirira mu ofesi ya ba Dairekita mpaka anaiika okha mu sefu n'kutseka. Anazengereza dala, akusuntha mapepala patebulo, koma sindinachoke. Mu yachiwiri ndinaika mawu achinsinsi. Kalaliki anatambasula dzanja.

"Iyo ipite mu buku."

"Iyi sikulowa m'nyumba muno. Ikupita ku Kabulonga."

"Ba Dairekita, mwamvela? Afuna kuchosa pepala ya kampani!"

Ba Dairekita anati ndikatuluka nayo aitana apolisi. Ndinawauza kuti aimbire kaye mayi wa mu bodi uja, chifukwa ndinali nditamuuza kale ndipo anali m'njira. Anafika pa galimoto yake, analandira envulopu pageti, n'kuiika m'chikwama osatsegula. Anangofunsa ngati mafayilo akale angasainidwenso popanda ine. Ndinati inde, malangizo ndalemba ndipo ali pakhoma, koma wina ayenera kufananiza fayilo iliyonse ndi buku la labotale asanasaine, osati kungosainanso zimene zili pakompyuta.

Bodi inakumana patapita masabata awiri. Milandu inali itatu: kusamvera lamulo lolembedwa, kuwononga katundu wa kampani, ndi kupanga fayilo yabodza. Fayilo ya madzi a m'ngalande anaisindikiza, kope limodzi kwa membala aliyense. Anandipatsa mphindi khumi ndi zisanu. Ndinayamba ndi kulakwa kwanga kwa mawu achinsinsi, monga mmene mtolankhani amayambira ndi chofunika kwambiri, ndipo ndinaona kuti ena anasiyira pomwepo kumvetsera. Bambo amene anapita ku maliro anafunsa ngati katundu wowonongekayo angakonzedwe ndi amisiri a m'tauni. Wina anafunsa chifukwa chake sindinangosintha mawu achinsinsi. Ndinayankha kuti kusintha mawu pakompyuta yanga sikusintha pepala limene lili m'thumba la munthu wina: kiyi wa papepalalo amatsegukabe ndi mawu a papepala lomwelo. Kalaliki ndi amene ankalemba maminitsi. Ndikulankhula ankaika cholembera pansi, ba Dairekita akayamba n'kuchitolanso.

Asanu anavomereza kuti ndichotsedwe. Awiri anakana. Labotale inapitiriza kusaina ndi kiyi watsopano, ndipo ndinamva kuti mafayilo akale anasainidwanso m'miyezi yotsatira, ngakhale sindikudziwa ngati anawafananiza ndi mabuku. Fayilo yabodza yochokera ku kiyi wakale sinamvekepo kulikonse. Ba Dairekita amanena zimenezi kwa aliyense wowafunsa za ine. N'zoona, ndipo sizitsimikizira kanthu, chifukwa kuyambira Lachisanu lija fayilo yotero ikanangotuluka yofiira n'kutayidwa.

Panopa ndimakonza makompyuta a masukulu ku Libala ndi ku Chelstone. Kalaliki ndimakumana naye nthawi zina pamsika wa Kabwata Loweruka, akugula tinsomba ta kapenta atavala tayi. Amandipatsa moni wa mbewa mokweza kuti amalonda aseke. Sindimubwezera.

Nkhani yanga ndinakaisiya ku khoti loona za ntchito, ndipo yaimitsidwa kangapo. Loya wanga akuti ilowa mwezi wamawa. Akuyembekeza kuti mbali inayo iyambira pa fayilo ya madzi a m'ngalande, ndipo woweruza adzafuna kudziwa ngati wantchito angawononge chinthu cha kampani atauzidwa m'kalata kuti asachikhudze. Wandipempha masamba awiri ofotokoza makiyi awiriwo m'mawu oti munthu wosadziwa kompyuta amve, ndipo akuwafuna Lolemba.